Chimimba cha atelala

Amuna anga anali telala pakhonde la sitolo ina pa Namitete, zaka zochepa itangotha njala yaikulu ija. Ntchito yawo inali ya mapazi okha, kupalasa makina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Eni sitolo ankawakonda, motero tiyi wa shuga wambiri ndi mabanzi sizinkasowa pambali pawo. Akafika kunyumba ine ndinkawaunjikira mitanda. Chimimba chinatuluka, ndipo ulemu unagwera ine. Kuchitsime amayi ankati, "Uyu ndiye wodziwa kusamala mwamuna," ine n'kumayang'ana pansi ngati sindikumva.

Eni chimimbacho ndiwo sankasangalala. Kamtunda kochokera kudambo ankakakwera akupuma ngati ng'ombe ya pangolo. Tsiku lina chizungulire chinawagwetsa pampando, ndipo anapita kuchipatala cha mishoni. Anabwerako opanda ngakhale jekeseni.

"Akuti ndichepetse kudya," anatero.

"Mtunda wonsewo mwayendera mawu amenewa? Njala ija inatiuza zomwezo tili pakhomo pompano."

Sanaseke. Amuna anga anali munthu wochita zinthu mopyola. Anasiya nsima, anasiya ndiwo, n'kumangomwa phala lamadzimadzi. Manja anasanduka mapesi, masaya analowa, koma chimimba chili pompo, tolotolo. Makina amene ankawanyamula okha polowetsa m'sitolo madzulo, tsopano ankapempha anthu odutsa kuti awagwirize.

Atabwerera kuchipatala, bambo wothandiza dokotala anawagwira mkono n'kupukusa mutu. "Mwadya minofu yanu, mafuta mwawasunga. Ndani anati musale? Nsima ichepe, shuga achoke, koma nyemba, nsinjiro ndi mazira zichuluke. Ndipo manjawa muwapatse khasu."

Umo ndi momwe atelala olemekezeka anayambira kulawirira kudimba la amayi anga, kulima ndi kuthirira asanapite kumakina. Amayi, amene kale ankadandaula kuti mkamwini wawo amangodziwa singano, anayamba kudandaula kuti akuwathera nkhuku za mawa podya mazira.

Pang'onopang'ono chimimba chinaphwa. Mapewa anatambasuka, mitsempha inatuluka m'manja. Buluku analibweza okha pamakina kangapo konse. Ankakwera kamtunda kaja akuimba mluzu, ine ndikutsalira m'mbuyo. Koma kuchitsime tsopano ndikafika nkhani zinkaduka.

Mbiri inafika kwawo kwa amuna anga ku Nsaru. Tsiku lina masana ndinangoona apongozi atulukira ndi alamu anga, mchemwali wa amuna anga, atasenza dengu la ufa. Analitula pakati pa bwalo penipeni, poti mudzi wonse uone.

"Tamva kuti kuno nkhokwe zinapsa," anatero alamu mwaulemu wonse.

Ndinawaonetsa nkhokwe yodzaza mpaka pakamwa. Zinangoipiraipira. Ngati chimanga chilipo koma munthu akuonda, ndiye kuti pali china. Apongozi ananong'ona mokweza kuti kwawo kuli sing'anga wodziwa kusanzitsa.

Amuna anga atafika anayesa kufotokoza za minofu ndi mafuta, koma amayi awo ankangowasisita masaya akulira. Ndiye amuna angawo anangopita pamene panali mtondo wathu waukulu, umene tinkaugubuduza awiri, anaukweza paphewa n'kuzungulira nawo nyumba. Anautsitsa osapuma wefuwefu.

"Mwaona, amayi? Ndili bwino."

Apongozi anatembenukira kwa alamu. "Waona? Mpaka mitondo akumusenzetsa."

Apongozi anagona masiku angapo akuphikira okha mwana wawo. Amuna anga ankadya mtanda umodzi, ina n'kubweza, ndipo mbale ikatuluka apongozi ankandiyang'ana ine, ngakhale sindinayandikeko kumoto.

Kusitolo nako zinthu zinasintha. Aphunzitsi ndi alimi a fodya amene ankasoketsa majekete anasamukira kwa telala wina wonenepa wa tsidya la msewu. Ankati munthu woonda chotero ndiye kuti ntchito sikumuyendera. Ife tinatsala ndi zigamba ndi madiresi a ana.

Amuna anga anakalamba akulima okha, mawondo osawavuta. Apongozi mpaka tsiku lawo lomaliza ankauza aliyense wobwera kudzawazonda kuti mwana wawo anali munthu wooneka, asanakwatire ku Namitete.