Tonde wonunkhira sopo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giredi sikisi, tikukhala kumapeto kwa komboni ya Nakatindi mu Livingstone, kumene nyumba zinkathera n'kuyamba tchire la mopani. Atate anali dalaivala wa basi yonyamula alendo odzaona mathithi. Anabadwira m'tauni, ndipo abale a amayi akumudzi sankatopa kuwaseka kuti munthu wa m'tauni mbuzi amaidziwira m'mbale. Mawuwo ankawapweteka. Anamanga khola kuseri kwa nyumba n'kuikamo mbuzi zazikazi zisanu, koma ana a mbuzizo ankabadwa aang'ono, ofooka, ena osafika n'komwe mwezi. Tonde amene tinali naye anali mwana wa m'khola momwemo, ndipo anthu anati vuto ndi lomwelo.

Atate anagulitsa tondeyo n'kuyamba kufunafuna wina. Loweruka lililonse ankapita kumafamu a m'njira ya ku Kazungula, nthawi zina nane. Ankatsegula mbuzi pakamwa kuona mano, kuisisita msana, kugwada n'kuyang'ana pansi pa mimba, kenako kufunsa ngati mayi wake ankabereka mapasa. Ine ndinkaima patali, manyazi atandigwira. Patapita miyezi iwiri anamupeza kwa mlimi wina, ba Hamoonga: tonde woyera wa mutu wofiira, chifuwa ngati chitseko. Mwiniwake anakana kugulitsa, koma anavomera kutibwereka milungu itatu yokha.

Tonde atangofika, kuntchito anatuma atate ulendo wautali wa ku Namibia. Amayi ankachapa zovala kuloji, kuchoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Khola linatsala m'manja mwanga.

"Uzimupasa madzi na masamba," anatero atate akukwera basi. "Zinangu aziziba yeka."

Koma fungo! Amene sanakhalepo pafupi ndi tonde sangamvetse. Chinyama chija chinkadzikodzera ndevu mwadala, n'kukweza mlomo kumwamba ngati chachita zanzeru. Fungolo linalowa mu yunifomu yanga, m'mabuku, ngakhale m'tsitsi. Tsiku lachitatu mtsikana wokhala naye desiki anasuntha n'kufuula kuti, "Ba ticha, muno mwangena mbuzi!" Pofika nthawi yopuma ndinali nditabatizidwa kale dzina loti Mai Tonde.

Ndinabwera kunyumba ndili ndi ukali. Ndinapezanso tonde akuthamangitsa mbuzi zathu m'khola monse, lilime panja, zikulira momvetsa chisoni. Ine, amene ndinkakhoza bwino ku Sande sukulu, ndinaona kuti apa pali nkhanza ndi uve, ndipo zonse ziwiri ndikhoza kuzithetsa. Ndinamukoka ndi chingwe mpaka pa mtengo wa mango kuseri kwa chimbudzi n'kumumangirira pamenepo. Ndinatenga beseni, sopo wochapira ndi burashi ya nsapato. Anandigunda kawiri, ndinagwera m'matope, koma ndinamusambitsa mpaka ndevu zinayera mbuu. Pomaliza ndinamudzoza mafuta a amayi pakati pa nyanga.

Ndinachita zimenezi tsiku ndi tsiku, mokhulupirika kuposa homuweki. Tonde anagona yekha pamango milungu yonseyo, akulira moyang'ana kukhola, ine n'kumati akulapa. Amayi anayamikira kuti pabwalo pakumveka bwino masiku ano, ndipo ndinadzimva kuti ndine mwana wanzeru kwambiri mu Livingstone yense. Munthu wa ngolo amene ba Hamoonga anamutuma anadzatenga tonde atate asanabwere.

Kenako tinayamba kudikira. Atate atabwera anandiuza kuti mbuzi imatenga miyezi isanu kuti ibereke. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankalowa m'khola, kugwada, n'kumagwira mimba ya mbuzi iliyonse. Mwezi wachitatu, m'kalasi ya sayansi, aphunzitsi anafotokoza ntchito ya tonde, ndi kuti fungo lake lomwelo ndi limene limadzutsa zazikazi. Anzanga ankaseka chamseri. Ine ndinakumbukira mtengo wa mango, sopo ndi burashi.

Atate sindinawauze. Ndinkaima pakhomo la khola nditanyamula chitini cha madzi, ndikuona atate akufunafuna chinthu chimene ndinkadziwa kuti kulibe. Mwezi wachisanu ndi chimodzi anadzuka n'kudzipukuta m'mawondo.

"Benze kukamba zoona," anatero, akunena za abale a amayi. "Ine nilibe liso la viweto."

Anagulitsa mbuzi zonse, ndipo malata a khola anafolera khitchini. Mantha anga anali aakulu kuposa chisoni, ndipo mpaka lero zimenezi zimandichititsa manyazi.

Masiku ano kumene kunali tchire kuja kuli mipanda ya njerwa, ndipo wofuna tonde amangoyang'ana zithunzi pafoni n'kutumiziridwa pagalimoto. Ana anga sanagwirepo chingwe cha mbuzi. Chaka chatha, atate atakhala pakhonde ndi ndodo yawo, ndinalimba mtima n'kuwauza zonse: mango, burashi, mafuta a amayi. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika. Kenako anayang'ana kumene kunali khola.

"Manje tonde uja analibe mulandu?"

"Analibe, ba tata."

"So ninasankha bwino?"

"Munasankha bwino maningi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kundiuza kuti ndiwabweretsere foni, ali ndi mawu ndi alamu awo akumudzi.