Bawuti ya dzimbiri saikakamiza

Bambo a Shakira, lero mwandiseketsa ndili ndekha. Bawuti ya wilibala inakana kumasuka, ndiye ndakumbukira injini ya boti ija anakubweretserani kuno ku Lirangwe, yowolotsa anthu pa Shire. Amakaniko a ku Chileka anali ataikana, ati mabawuti agwirana ndi dzimbiri, akathyokera mkati basi injini yatha. Inu munangothira palafini wanga wa m'nyale. Mwini boti akudandaula kuti odwala akusowa chowolokera, munati, "Achimwene, palafini sathamanga. Khalani pansi, ine ndikaswali kaye."

Mutabwerako kumzikiti munagogoda bawuti iliyonse ndi hamala, n'kuyamba mwaimanga kaye pang'ono musanaimasule. Ine ndinati mwasokonezeka, koma onse anatuluka osathyoka. Kenako munayesera injiniyo mu mgolo wa madzi amene ndinatunga m'mawa wonse. Italira tonse tinanyowa, ine ndikukalipa, inu mukungoseka mpaka kukhala pansi, muli ndidzakutungira ena.

Zaka zitatu tsopano chichokereni padziko lino. Lero ndathira palafini, ndadikira, ndamanga kaye, ndipo yamasuka. Munandiphunzitsa bwino, bambo. Koma madzi anga aja simunanditungirebe.