Malaya a Atate pa Msewu wa ku Petauke

Fungo la oilo wopsa likandipeza, ngakhale lelo ndili nkhalamba, ndimabwelela pamsewu wafumbi uja wochoka ku Luembe. Munali m'chilimwe, chaka chimene mbendela yatsopano inakwela pa boma. Nyenje zinali kulila mogonthetsa m'khutu, ndipo ambuya, amene anabala amai, anali kutsokomola magazi. Atate anabweleka kamotoka kakale kusitolo kumene ankagwila nchito kuti tiwapeleke kuchipatala ku Petauke.

Tisanafike pa Nyimba, motoka inayamba kununkha. Atate anaimika pafupi ndi chitsime, nasuzumila pansi. Oilo anali kudontha pamene kapaipi kamalumikizana ndi injini. Anauza amai kuti tikapitiliza injini ipsa, ndipo odwalawo sakafika.

Pajatu atate anali mkamwini m'mudzi mwathu. Akaona ambuya m'njila ankapatukila kutchile, ndipo anali asanayang'ananepo kumaso. Koma tsikulo ulusi wotsekela podonthapo panalibe, nsanza panalibe. Anavula malaya awo a kutchalitchi pomwepo, nang'amba mpendelo, nalowa pansi pa motoka chagada, mimba pamtunda, miyendo kuloza kwa apongozi awo amene tinawagoneka pamthunzi. Anamasula nati ya kapaipiko, amai akulandila oilo m'mbale yodyela ambuya. Anasomola ulusi kumpendelo kuja, nakulunga pa mazinga a kapaipiko, napaka sopo, namanganso pang'onopang'ono.

Azimai otunga madzi anatula ndowa zawo kuti aonele bwino. Wina anandikodola. "Mwana iwe, atate ako awa? Kwanu amavula pamaso pa apongozi?" Onse anaseka, wina mpaka kugwila nthiti. Ndinayang'ana ambuya. Anali atafunda chitenje kumutu, atatembenukila kumtengo, m'kutentha konse kuja, akupuma movutika. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Atate anatuluka ali bii, nabweza oilo wa m'mbale mu injini, ndipo kudontha kunaleka. Ine ndinakhala kumbuyo chowelamila, ndipo chilimwe chonsecho sindinafune kuyenda nawo limodzi.

Ambuya anachila, nabwela kumudzi ndi mvula yoyamba. Za pamsewu sanazitchulepo. Ine ndinkati anafunda chifukwa chonyansidwa ndi atate. Ndazindikila ndili ndi akamwini angaanga kuti ambuya aja anadzibanikitsa m'nsalu kuti mwamuna agwile nchito momasuka, ndi kuti wina akadzawafunsa kumudzi, adzayankhe mosanama kuti iwo sanaone kanthu.