Kanema wa Mphindi Imodzi

Anabwera Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Julayi, ndikukumba mbatatesi m'munda mwanga ku Tsangano. Anali apolisi awiri. Wamkuluyo anafunsa ngati ndinali mkulu wa mpingo. Nditavomera anati, "Siyani khasulo, bambo. Tiyeni."

Nkhani yake inali iyi. Lamulungu, mapemphero ali mkati, mtsikana wina wodwala khunyu anagwa. Ndinagwada n'kumugwira mutu kuti usamenyeke pa simenti. Wina anajambula pa foni n'kulembapo kuti, "Mbusa wabodza akupotokola khosi la mwana." Pofika Lolemba kanemayo anali ponseponse.

Kupolisi anandivula nsapato ndi lamba n'kundikhazika pansi. Wondifunsa anaika foni patebulo, nandionetsa kanemayo katatu.

"Manja awa ndi a ndani?"

"Ndi anga, bwana. Mwanayo amadwala khunyu."

"Nonse mumatero. Timakuonani m'masewero a pa TV: suti yonyezimira, mafuta m'kabotolo, akazi a eni. Mafuta anu ali kuti?"

"Ndilibe mafuta. Ndine mlimi."

Zimene zinatsatira sindizilemba. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

M'chitokosi ndinapeza mbiri yanga itafika kale. Mkaidi wina anati, "Abusa, chitani chozizwitsa chitsekochi chitseguke." Onse anaseka, ndipo anandipatsa malo pafupi ndi chidebe chodzithandiziramo.

Lachitatu masana kunja kunamveka chiphokoso. Anthu ankakuwa kuti anditulutse athane nane okha. Mwala unagwa padenga, kenako wina. Wapolisi wolondera anasuzumira n'kunena kuti, "Mukumva? Chitseko mukudana nachochi ndicho chikukusungani." Ndinafuna kupemphera, koma ndinaopa kuti anzanga aona milomo ikugwedezeka. Ndinapemphera nditaluma mano.

Lachisanu mayi ake a mtsikanayo anafika. Anali atapita naye ku Bwanje kukathandiza achibale kumweta mpunga, ndipo za kumangidwa kwanga anazimva mochedwa. Anabwera ndi mwanayo, akuyenda yekha, pamodzi ndi buku lake la kuchipatala. Ndinamva mawu awo pakauntala: "Bambowa ndiwo anapulumutsa mwana wanga!"

Apolisi anandibwezera nsapato ndi lamba. "Pitani," anatero wondifunsa uja. "Muzisamala ndi ana a eni." Mawu oti pepani sanatuluke.

Mu minibasi yobwerera kwathu, bambo amene ndinakhala naye anandigunda ndi chigongono n'kundiyandikizira foni kumaso. "Mwamuona ameneyu? Azibusa onse ndi mbava zokhazokha." Nkhope yanga inali yotupa, moti sanandizindikire.

"Ndamuona," ndinayankha.

Ndili pa ufulu tsopano. Ndimalima, ndimapemphera, palibe wonditsekera. Koma munthu wa m'foniyo sanamasulidwe, ndipo anthu omudziwa iye ndi ambiri kuposa ondidziwa ine.