Ulendo wokawedza m'chisanu cha Julayi

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anaganiza zoti tikagone kutchire pakati pa chisanu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinkakhala ku Mufakose, lokeshoni ya mumzinda waukulu wa dziko la Ashona, m'kanyumba kamene m'mwezi wa Juni kankazizira ngati m'kati mwa mtsuko. Inali nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu kwa azungu. Mfuti sitinkazimva kawirikawiri m'lokeshoni, koma nkhondoyo inkatipeza m'njira yakeyake. Lero mumva kuti mwana wa uje sanabwereko kusukulu, mawa mumva kuti wa uje anatumidwa buledi n'kupitiratu. Akuluakulu ankangonong'ona kuti "wawoloka", kutanthauza kuti wadutsa malire kukalowa gulu la omenyera ufulu, akatero n'kusuzumira pawindo.

Bambo anachokera ku Kasungu ali mnyamata, ndipo anafika kuno wapansi, kudzera ku Tete, akugona m'tchire milungu ingapo. Ankagwira ntchito yosoka malona ofunditsa katundu wa m'malole pa fakitale ina ku Willowvale. Chaka chilichonse kuntchitoko ankawapatsa kalendala, ndipo ya chaka chimenecho inali ndi chithunzi cha mzungu atavala zovala zambirimbiri mpaka kungotsala mphuno, atakhala pa kabokosi pakati pa nyanja youndana yoyera mbee, akuwedza pa kabowo. Bambo, amene anakulira m'mbali mwa mtsinje wa Bua, ankaima pa chithunzicho kapu ya tiyi ili m'manja, n'kumapukusa mutu.

"Madzi kuuma gwa mpaka munthu kukhalapo? Nanga nsombazo zimafunda chiyani?"

Tsiku lina madzulo anangolengeza kuti pa tchuthi cha azungu cha m'Julayi, iwo ndi achimwene anga a Lameki akagona masiku awiri kumtsinje wa Hunyani, kukawedza. Amayi anagwetsa supuni. Anafunsa ngati Bambo anamwa, ngati anaiwala kuti m'misewu muli asilikali, ngati anamvapo za munthu wamoyo wosiya bulangeti kunyumba n'kukagona kudambo m'Julayi. Anakalipa masiku atatu. Tsiku lachinayi anadzuka ali phee, anamasula juzi yawo yakale, n'kuyamba kuluka masokosi ochindikala. Ankalukira a Lameki okha, ndipo ine zinandipweteka kwambiri.

Achimwene anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ali Fomu 3. Kale anali munthu wanthabwala, wotha kuyerekezera kayendedwe ka mphunzitsi aliyense pasukulu pawo. Koma chaka chimenecho anangoti zii. Ankadya osayang'ana munthu, ndipo madzulo ankakakhala kuseri kwa nyumba ndi anzawo awiri, mitu itagundana pa kawailesi.

Ine pa ulendowo panalibe dzina langa. Ndinachonderera mlungu wathunthu, ndinatsuka njinga ya Bambo mpaka masipoko kuwala, ndinawapolishira nsapato zimene sanandipemphe. Bambo ankangoti mtsikana sagona kutchire. Amene anandipulumutsa ndi achimwene. Tikudya, anayankhula maso ali m'mbale.

"Mlekeni Esinati apite nawo. Azikatinyamulira nyongolotsi."

Kukonzekera kunatenga milungu itatu, ndipo m'nyumba mwathu simunakhalepo chisangalalo chotero chaka chonsecho. Tsiku lililonse Bambo ankabwera ndi zidutswa za lona zotayidwa kuntchito, atazikulunga pa kaliyala. Ankazilumikiza ndi singano yaikulu yokhota, atakhala pakhomo, mpaka tenti inaoneka: mbali ina yobiriwira, ina yofiirira, ndipo pamwamba panali chigamba chachikasu. M'nyumba monse munkanunkha phula. Mbedza sitinagule. Bambo ankawotcha masipoko akale pa pulayimasi mpaka kufiira, n'kuwapinda ndi pulayala, achimwene n'kumawanola pa mwala wa pakhonde. Ine ndinkakumba nyongolotsi m'ngalande ya pampopi, dothi likuluma zala ndi kuzizira, n'kumazisunga m'chitini cha jamu. Bambo anati nsomba za kuno zimakonda masese, choncho ndinakapempha masese kwa mayi wina wofulula mowa, n'kuwatsendera m'chitini china.

Mnansi wathu a Chikwanha, Mshona wokonda kuseka, ankatiyang'ana pamwamba pa mpanda. "Imi maNyasarande," anatero, "hove dzinodya muchando here?" Ankatifunsa m'Chishona, ife a ku Malawi, ngati nsomba zimadya nyambo nthawi ya chisanu.

"Tikazifunsa komweko," Bambo anayankha, osatukula mutu.

Lamlungu lomaliza tinayesa kudzutsa tenti pabwalo. Bambo analowamo chokwawa kuti akaone ngati muli malo, mzati wapakati unaterereka, tenti yonse n'kuwagwera. Panangotsala mapazi akupalasa panja, ndi mawu akuitana achimwene. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwe. Koma ndinaona kuti kuseka kutatha misozi ija sinaleke, ndipo analowa m'nyumba atagwira kukamwa ndi chitenje.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa pa njinga ziwiri. Achimwene ananyamula tenti, mabulangeti, mbatata ndi chikwanje. Ine ndinakhala pa kaliyala ya Bambo, zitini zanga ndazibisa m'kati mwa juzi kuopa kuti nyongolotsi zingafe ndi mphepo. Mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi, makutu akuwawa ngati akudulidwa.

Tisanapite patali, pa msewu waukulu tinapeza migolo itatchinga njira. Panali apolisi atatu, mzungu mmodzi wachinyamata ndi akuda awiri. Anaona zitupa, kenako anamasula katundu n'kumuyala m'fumbi: mabulangeti, chakudya, chikwanje, machesi. Apa m'pamene ndinamvetsa, ngakhale ndinali mwana, mmene zinthuzo zinkaonekera pamodzi ndi mnyamata wa msinkhu wa achimwene. Achimwenewo anawakhazika pansi, manja pamutu. Bambo anavula chipewa n'kuyamba kufotokoza m'Chingelezi chawo chodukaduka, koma mzunguyo sankamvetsera. Maso ake anali pa juzi yanga yotukuka.

Analoza kuti nditulutse zimene ndabisa. Ndinagwira zolimba, chifukwa nyongolotsizo ndinazivutikira. Mmodzi wa apolisi akuda aja anandilanda chitini chimodzi, n'kuchitsegula pafupi ndi nkhope ya bwana wakeyo. Chinali cha masese, amene anali atagona motsekedwa masiku asanu. Mzungu uja anabwerera m'mbuyo akutsokomola, maso ali psu. Atatsegula chachiwiri n'kupeza nyongolotsi zikupiringizana, wapolisi wakuda uja analephera kudzigwira, anaseka mpaka kutsamira mgolo. Anatiuza kuti tilongedze titembenuke, kumtsinje kulibe njira. Titakwera njinga ndinakumbatira Bambo m'chiuno. Malaya awo anali atanyowa ndi thukuta m'chisanu chonsecho.

Ndinkayesa tikubwerera kunyumba, koma Bambo anakhotera m'kanjira ka m'minda, kudutsa m'mapesi ouma, mpaka tinatulukira pa kamtsinje ka Marimba, kuseri kwa lokeshoni yathu yomwe. Panali pafupi moti tinkamva agalu a kwathu akuuwa. Bambo anatsika, anaunguzaunguza, n'kunena kuti tchire ndi tchire.

Masana onsewo sitinaponye mbedza ngakhale kamodzi. Bambo anayamba kuphunzitsa achimwene, ndipo ine ndinkayesa ndi mmene asodzi onse amachitira. Anati munthu sagona pafupi ndi madzi, chifukwa chisanu chimatsikira kudambo. Agone pamtunda, kuseri kwa mwala kapena chulu. Anawamwetetsa udzu, n'kuwauza kuti wapansi uzichuluka kuposa wofunda, poti chimapha munthu ndi nthaka, osati mphepo. Anawakumbitsa kadzenje kosonkhamo moto, anawasankhitsa nkhuni zouma zosafuka utsi, anawasonyeza kuwotcha mwala n'kuukulunga m'nsanza woika kumapazi. Anawauza kuti masokosi onyowa azivula ngakhale atatopa bwanji. Achimwene akalakwitsa, Bambo ankafafaniza zonse n'kuti, "Yambanso." Moto wokha anauyambitsa katatu.

Dzuwa likulowa tinadzutsa tenti ija, ndipo ulendo uno inaima bwinobwino. Ndinalowamo n'kuwasiyira malo awiri.

"Tenti ndi ya Esinati," Bambo anatero. "Iwe ndi ine tigona panja."

Ndinadzuka kutacha, mphuno ili zii. Udzu wonse unali utayera ngati wina wawazapo ufa, ndipo ukaponda unkalira kuti tswa tswa. Bambo ndi achimwene anali atakhala pa mwala phewa ndi phewa, bulangeti limodzi. Titatsikira kumtsinje tinapeza kuti m'mphepete mwa kadziwe, pamene madzi sankayenda, panali pataundana kagalasi kopyapyala. Bambo anakondwa ngati mwana. Anagwada, anaboola kabowo ndi chala, anandikhazika pa kamwala, n'kundipatsa ndodo kuti ndiwedze ngati mzungu wa pa kalendala. Madziwo sankafika n'komwe m'kakolo. Ndinakhala pamenepo nkhope ili gwa, mano akugundana, ndikudikira nsomba pamalo poti ngakhale chule sakanakwanapo. Achimwene anandiyang'ana, kenako anaphulika kuseka, kuseka kwawo kwakale kuja kogwira pamimba. Bambo sanaseke. Anangoima n'kumawayang'anitsitsa.

Dzuwa litakwera tinagwira mlamba umodzi, wautali ngati dzanja la Bambo. Tinauwotcha, n'kuugawa patatu. Bambo anati mano akuwavuta, gawo lawo n'kupatsa achimwene. Tisanachoke anawakwiriritsa phulusa ndi kumwaza udzu uja, mpaka pamalopo panaoneka ngati sipanagonepo munthu.

Achimwene anachoka pakhomo mu Seputembala, sukulu zitatsegulira. Anavala yunifolomu, anamwa tiyi, anandigwira pamutu potuluka, ndipo sanabwereko. Amayi ena zikatere ankazungulira m'zipatala ndi kupolisi akulira. Amayi anga sanapite kulikonse. Madzulo amenewo anangoika mbale zitatu m'malo mwa zinayi.

Zoona zake ndinadzazimva nditakula, Amayi atandiuza tikuchapa. Bambo anali atamva kwa bambo wa mnzawo wa achimwene kuti anyamatawo apangana zowoloka kupita kunkhondo. Anaganiza zowatumiza ku Malawi, anaganiza zowatsekera m'nyumba, koma anadziwa kuti mwana wawo ndi wotani, poti nawonso anachoka kwawo osatsanzika. Kuyankhula nawo poyera sakanatha, chifukwa munthu wodziwa ndi amene apolisi ankamufunsa ndi zikwapu. Ndiye usiku wachitatu uja anauza Amayi kuti, "Sindingamumange mwendo. Koma asakafe ndi chisanu ine ndikudziwa kugona kutchire."

Achimwene anabwera nkhondo itatha, patapita zaka zinayi. Anali ataonda, ali ndi ndevu, akukoka mwendo wakumanzere. Amayi anawagwera m'khosi akulira, anansi anadzaza pabwalo, a Chikwanha akuvina okhaokha mumsewu. Bambo anaima pakhomo nthawi yaitali, akuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Kunkazizira?"

"Kunkazizira, Bambo. Koma ndinkayala udzu wambiri pansi."

Bambo anagwedeza mutu, anazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalako mpaka tiyi anapola.

Lero Bambo ndi Amayi anagona kale m'nthaka ya kuno, kutali ndi Kasungu. Pamene tinamanga tenti paja pali nyumba za anthu ndi kagolosale, ndipo madzi a kamtsinje kaja ndi akuda, onunkha, moti palibe angaponyemo mbedza. Adzukulu anga ndikawayankhula Chichewa amandiyankha m'Chishona. Ana akuchokabe m'lokeshoni muno, koma tsopano amapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo amatsanzika masana dzuwa likuswa mtengo. Pamene mwana wanga wamkazi ankanyamuka, ndinamuperekeza mpaka pa basi. Ndinamulangiza zonse zimene zinali kumtima kwanga, ndinamutchula dzina mokweza basi ikuchoka, n'kulira poyera anthu akuona. Bambo anga analibe mwayi umenewo.