Mawu Anayi a Amuna Anga

Filimu ija ine ndinayamba kuionera ndi makutu. Nyumba ya vidiyo kwathu ku Senga Bay inali pafupi ndi thandala limene ndimayanikapo usipa, ndipo mwiniwake anapachika sipika panja pamtengo kuti aliyense wodutsa adziwe zimene akuphonya. Tsiku lonse ife amayi tikutembenuza nsomba, m'makutu mukulowa filimu yomweyomweyo, yakunja koma yomasuliridwa m'Chichewa ndi mkulu wina wa pakamwa pothamanga kuposa panga. Amene amandidziwa anganene kuti kupambana ine pa zimenezo si ntchito yamasewera.

Nkhani yake inali ya telala wosauka amene anakonda mwana wa munthu wolemera. Bambo wa mtsikanayo anamuuza kuti asadzapondenso pakhomopo mpaka atagula galimoto. Telala anapita kutali kukasaka chuma, chuma osachipeza, ndipo kumapeto anabwerera nsapato zitatha, n'kuima pageti n'kunena mawu anayi amene dera lonse linawaloweza: "Ndabwera wapansi, koma ndabwera." Amuna ochedwa kubawo ankalowa nawo m'nyumba mawu amenewa. Ana ochedwa kusukulu ankawanena kwa aphunzitsi, n'kulandira zowayenera.

Tsono kuvidiyo kuli chikhalidwe chake. Munthu suonera uli duu ngati uli pamaliro. Umalangiza, umachenjeza, umanena mawu mwiniwake asanawanene. Pakafika pokoma anthu amakuwa kuti "Bwezani!" ndipo mwini vidiyo amabweza, kaya kawiri kaya katatu, mpaka mitima itakhuta.

Chaka chimenecho aphunzitsi amene amatsogolera kwaya ya kutchalitchi kwathu anapita ku Lilongwe kukaona abale, kumeneko n'kukaonera sewero loimba. Anabwerako litawagwira ngati malungo. Anasonkhanitsa kwaya n'kulengeza kuti filimu ya telala aisandutsa sewero la nyimbo, ndipo telalayo akhala amuna anga.

Nditamva ndinaseka, kenako ndinasiya. Amuna anga ali ndi chibwibwi, ndipo si chija chongopunthwa kamodzi n'kupitirira ayi. Liwu limawakanirira pakhosi, khosi n'kutupa, maso n'kutsinzina, wofunsa uja mpaka kuyamba kuyang'ana kumbali. Ntchito yawo ndi yosoka maukonde pansi pa mtengo wa mango, ntchito yosafuna pakamwa. Alovi, anyamata okoka ukonde aja, amawatsanzira akangotembenuka, iwo akumva. Koma akayamba kuimba chibwibwi chimathawa, osadziwika kolowera, mawu n'kumatuluka osalala moti mlendo sangakhulupirire kuti ndi munthu yemweyo. Anthu amati akawamva, "Eee, ukaipa dziwa nyimbo," ndipo angapo ndinayambana nawo chifukwa cha mwambi umenewu.

Aphunzitsi ananditsimikizira kuti palibe choopa. Mawu onse a telala anawaika m'nyimbo, ngakhale moni weniweniyu. Mtima wanga unakhala pansi, ndipo kwa milungu ingapo ndinkangodandaula za nthawi imene amuna anga ankathera kokonzekera, maukonde a eni ake ali mbwee pakhomo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti sewero lichitike, akazi a aphunzitsi aja anabwera kudzagula usipa.

"Mwamva za bambo akwanu?" anandifunsa. "Akana kuimba mawu a pageti aja. Akuti anena pakamwa, ngati mufilimu."

Ndinasiya nsomba pathandala n'kuthamangira kumtengo wa mango. Ndinawapeza ali phee, ulusi kukamwa. Ndinayankhula, abale, ndinayankhula. Ndinawakumbutsa tsiku lina kale pamene abusa achilendo, osadziwa, anawaloza kuti atseke mapemphero, ana kumbuyo n'kuyamba kuseka, akulu ena n'kumabisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Pambuyo pake anatha miyezi osaponda kutchalitchi, osaimba ngakhale posamba, ndipo m'nyumba mwathu munali zii ngati mwatuluka maliro. Ndinawauza kuti mawa kukabwera alovi onse, ndipo akakalephera, dzina limene akawapatse adzapita nalo kumanda. Ndinkaopa kuti ulendo uno akasiya kuimba sadzayambanso.

Anandimvetsera mpaka mafuta anandithera. Kenako anachotsa ulusi kukamwa.

"A-a-aja s-s-saimba," anatero, n'kupitiriza kusoka.

Loweruka masana holo ya pasukulu inadzaza, posowa poponda. Ena anachokera ku Chipoka pa minibasi, ena ku Chitala pa njinga, ndipo osowa malo anakangamira m'mawindo mpaka mphepo inasowa polowera. Ine ndinakhala pabenchi lachitatu pakati pa anzanga a kuthandala, fungo la usipa tonse tili nalo. Kutsogolo kunali kiyibodi yolumikiza ku batire ya galimoto. Geti la munthu wolemera linali chitseko cha lata cha bafa ya aphunzitsi, amayi awiri a kwaya atachigwirira uku ndi uku. Tonse tinachizindikira, ndipo wina anafunsa mokweza kuti kodi banjalo lisamba bwanji lero.

Mavuto anayamba munthu wolemera atangotulukira. Mufilimu ndi chimunthu cha mimba yake, koma apa anali bambo wina wa kabaza, woonda ngati bango, ataika pilo m'malaya.

"Ameneyo wolemera? Dzulo wandikweza ine ameneyo!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

"Galimoto ili kuti?" anafunsa alovi.

Galimoto inabwera. Inali wilibala yomatidwa makatoni, magetsi ake zivindikiro za mapoto, ndipo wolemerayo atakhalamo mawondo anamufika m'makutu. Anthu anaseka mpaka ena kutsetsereka pamabenchi. Aphunzitsi anaimba kiyibodi mwamphamvu, kwaya n'kuyamba nyimbo yotamanda chuma cha bwanayo, koma anthu sanagwirizane nazo.

"Mufilimu sanaimbe apa!"

"Mwalumpha pa galu paja! Galu ali kuti?"

Mtsikana wokondedwa uja anali mayi wogulitsa mandasi pamsika, wa ana atatu, koma mawu ake okwera ngati a namwali. Mdzakazi wa m'seweromo atamubweretsera tiyi, agogo ena a hijabu amene anabwera ndi adzukulu awo anaimirira n'kuloza ndi ndodo: "Usamwe, mwanawe! Wallahi muli mankhwala ogonetsa!" Wamandasi anayang'ana aphunzitsi, anayang'ana agogo aja, n'kumwa mwamanyazi ngati wachita mwano.

Kenako analowa amuna anga, tepi yoyezera ili m'khosi, atavala jekete ya achimwene awo. Alovi anayamba kugundana zigongono. Ndinamva wina akuti "te-te-telala," anzake n'kumafwenthera m'manja, ndipo ndinamuloweza nkhope kuti tidzaonane bwino. Kiyibodi inalira, iwo anatsegula pakamwa, nyimbo n'kutuluka yonse yathunthu, yopanda chigamba. Ankaimba za singano imene imasokera anthu onse zovala koma yokha ili maliseche. Phokoso lija linazilala kuyambira kutsogolo mpaka m'mawindo. Atamaliza, bambo wina wachikulire wa ku Chipoka anafunsa mnzake, "Kodi si wosoka maukonde uja ameneyu?" Mnzakeyo asanayankhe, kumbuyo kunaphulika: "Bwezani!"

Aphunzitsi anaimirira n'kufotokoza mwaulemu kuti ino si vidiyo, awa ndi anthu amoyo, sabwezedwa. Anthu anangowonjezera kukuwa, ena akumenya mabenchi. Walira mvula walira matope: aphunzitsiwo anafuna okha filimu ya kuvidiyo, ndiye anailandira ndi anthu ake omwe. Anakhala pansi n'kuyambiranso nyimboyo.

Kuchokera pamenepo sewero linali m'manja mwa oonera. Pamene bwana amaterereka n'kugwa pothamangitsa telala, anabwezetsa katatu, ndipo pogwa kachitatu pilo anali atazungulira kumsana, munthu wolemera n'kudzuka ali ndi linunda. Pamene telala amagwira dzanja la mtsikana, anzanga a kuthandala anandikodola uku ndi uku.

"Mukuona mmene akuwayang'anira bambo akwanu?"

"Ndikuona," ndinatero. "Mawa mandasi akewo adya yekha."

Ndinkaseka nawo, koma nyimbo iliyonse ikatha geti lija linkayandikira.

Nthawi inakwana. Amuna anga anatulukira kumapeto kwa holo opanda nsapato, mapazi atapakidwa phulusa, n'kuyenda pang'onopang'ono pakati pa anthu mpaka pachitseko cha lata. Anagogoda. Aphunzitsi anachotsa manja pakiyibodi. Ndinaona khosi likuyamba kutupa.

"Nda... nda... nda..."

Holo yonse inayankha pamodzi ngati alonjezana: "Ndabwera wapansi, koma ndabwera!" Kunali nthungululu, malikhweru, kuwomba m'manja. Panalibe amene ankawaseka. Anthu anangochita zimene amachita kuvidiyo, ndipo ambiri ankaona ngati awathandiza. Wamandasi anatsegula geti, manja ali tambalale, kwaya n'kukoka mpweya kuti iyambe nyimbo yomaliza.

Koma ine ndinkayang'ana amuna anga. Anatseka pakamwa pang'onopang'ono, n'kumwetulira pang'ono, maso ali pansi. Nkhope imeneyo ndinaidziwa, chifukwa ndimaiona tsiku ndi tsiku m'nyumba mwanga. Ndipo ndinazindikira kuti nanenso ndinali nditakuwa nawo mawuwo, mwinanso mokweza kuposa onse. Zaka zonse za ukwati wathu, iwo akati "ndi-ndi," ine ndamaliza kale, ndayankha kale, ndapita kale kukachita. Ndinkati ndikuwapeputsira katundu. Manyazi amene anandigwira pabenchi paja sindinawamvepo chibadwire.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji.

"Bwezani!" ndinakuwa. Mawu anga ndi a pamsika, amafika kutsidya kwa msewu. "Bwezani! Sananene! Mwanena ndinu!"

Anthu anatembenuka. Wina anaseka kuti mayi akufuna aonenso amuna awo akukumbatiridwa. Koma agogo a ndodo aja anagogoda pansi n'kunena kuti, "Zoona, sananene." Bambo wa ku Chipoka anavomereza, kenako alovi, amene sakana phokoso lamtundu uliwonse, analandira: "Bwezani! Bwezani!"

"Ndipo aliyense atseke pakamwa pake," ndinawonjezera. "Woyamba ine."

Wamandasi anabwerera kuseri n'kukoka chitseko. Amuna anga anandiyang'ana kamodzi, sindinadziwe ngati akundithokoza kapena akunditemberera. Anagogodanso.

"Nda... nda..."

Abale, kudikira ndi ntchito. Ndinaluma nsonga ya chitenje. Ndinkamva malata akudenga akuthetheka ndi dzuwa, mwana wina akuyamwa kumbuyo kwanga. Mlovi amene ananena za te-te-telala uja anali atadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri, mawu akumuyabwa. Thukuta linatsika pankhope ya amuna anga n'kudontha pajekete ya eni ake.

"Nda-ndabwera... wa-wa-wapansi." Anapuma, anatsinzina, chibakera chili chofumbata. "K-k-koma ndabwera."

Liwu lomalizalo linatuluka lonse, lolemera, ngati la munthu amene wayendadi ulendo wonsewo. Kenako wamandasi anakankha geti mwamphamvu mpaka amayi ogwirira aja analitaya, lata n'kugwa ndi chiphokoso, holo yonse n'kuimirira. Nyimbo yomaliza palibe anaimva. Alovi anawanyamula m'mwamba amuna anga n'kuzungulira nawo panja, mapazi a phulusa ali lendelende, iwo akuseka mano onse panja.

Pobwerera kunyumba dzuwa linali likadali lamphamvu. Tinadzera njira ya kuseri kwa msika, iwo nsapato zili m'manja, ine ndanyamula jekete. Ndinali nditadzilonjeza kuti sindiyamba kuyankhula, ndipo tinayenda kamtunda ndithu tili chete, chinthu chimene sichinachitikepo.

"Mayi," anatero. "Ndi-ndi-ndi..."

M'mutu mwanga ndinamaliza katatu. Ndikuthokoza. Ndili ndi njala. Ndinachita bwino? Ndinakanikiza milomo n'kumayang'ana njira.

Zinatenga nthawi, ndipo sindilemba mmene anapunthwira monse. Anati tsiku limene tinatulutsa mwana wathu woyamba m'chikuta, abale atasonkhana n'kuwafunsa dzina, iwo ankafuna kutchula dzina la malemu mayi awo. Anangotchula chiyambi chake, ine n'kumaliza ndi dzina lina loyamba chimodzimodzi, anthu n'kululutira, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwanayo pano ndi namwali, ali ku sekondale.

Ndinaima panjira. Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere zaka zonsezi, ndipo funsolo lisanathe ndinadziwa kale yankho lake. Iwo sanakwiye. Anati dzinalo ndi labwino, analizolowera, amangofuna kuti ndidziwe. Ndinalira pamenepo, masana, anthu ochokera kusewero akudutsa n'kumati mayiwa filimu yawakhudza.

Amuna anga anavala nsapato zawo, anatenga jekete m'manja mwanga, n'kuima pambali panga kudikira kuti ndimalize.