Tsiku limene a Kapinga anakumba udzu wawo

Malume anga anakalambira pabwalo la gofu, koma mpira wake anali asanaumenyepo. Ntchito yawo inali yotchetcha ndi kuthirira udzu, n'chifukwa chake aliyense ankangowatchula kuti a Kapinga. Kunyumba ankatitopetsa ndi nkhani za bwalolo: kamtunda kobisa dzenje, mchenga woikidwa dala pomwe mpira umakonda kugwera, dziwe lodikira anthu aphuma. "Amene anakonza bwalo lija anali mfiti," ankatero monyadira. Adani awo anali osewera okumba udzu ndi ndodo n'kuchoka osaubwezeretsa. Amenewo ankawanyoza ngakhale chakudya chili mkamwa.

Atapuma pantchito, bwana wa bwalolo anawalola kusewera kamodzi powatsanzika. Malume anasita thalauza mpaka linachita kunyezimira, ndipo anaitana abale tonse kuti tikaonerere.

Anaika mpira pansi, ananyamula ndodo, anayang'ana patali, n'kumenya ndi mphamvu zawo zonse. Mpira sunasunthe. Chomwe chinauluka ndi chigamba cha udzu chachikulu ngati chikhatho, n'kukagwera pa nsapato ya bwana.

Tonse tinangoti kukamwa yasa. Malume anauma thupi ngati aona mtembo. Kenako anagwada ndi thalauza losita lija, anatola chigambacho ndi manja awiri, n'kuchibwezera pamalo pake akuchisindikiza ndi zala.

"Musadandaule madala, aliyense amatero," anatero bwana. "Menyaninso."

"Ayi bwana, ine basi."

"Achimwene, mwatiyendetsa ulendo wonsewu kuti tidzakuoneni mukulima?" anakalipa amayi anga.

Inenso ndinapsa mtima. "Malume, mwayi umenewu mwaudikira moyo wanu wonse! Udzu umameranso!"

"Umameranso ukakhala ndi wouthirira," anandiyankha, akundipatsa ndodoyo. Mpira anauika m'thumba, ndipo sitinathe kuwanyengerera.

M'mawa mwake malume ananyamula ndowa ya madzi kulowera kubwalo kuja, ine n'kuwaperekeza ndikung'ung'udza. Pageti mlonda, mnzawo wakalekale, anawaimitsa akuyang'ana pansi.

"Pepani a Kapinga, muno mumalowa antchito ndi mamembala okha."

Ndinadikira kuti malume akalipe, koma ayi. Anamupatsa mlondayo ndowa ija, n'kumulozera pomwe panali bala la udzu lija.

"Uzithira pang'onopang'ono, usakokolole dothi," anatero.

Anaima pawaya kusuzumira mpaka mlondayo anamaliza kuthirira. Mtima unandiwawa, ndipo njira yonse yobwerera sindinang'ung'udzenso.